Bandolimu Yozondoka ya Basílio

Inu amene mwagwira tsaya mukuti zanu zathera pomwepa, tasenderani kuno. Ndikuuzeni za Basílio wa ku Lifidzi, munthu amene tsiku lina m'chaka cha 1969 adanyamula bandolimu yake n'kuimenyetsa pamtondo, anthu onse a paukwati akuona.

Phwaa! Nsambo zidalira kamodzi n'kutha. Amayi amene amaimba nthungululu adatsala kukamwa yasa. Ngakhale mkwatibwi, amene mwambo umati aweramitse nkhope tsiku lonse, adadzutsa mutu kuti aone chachitika.

Kwa inu osaidziwa, bandolimu ndi choimbira chaching'ono chamimba ngati chipanda, chansambo zisanu ndi zitatu zoyenda ziwiriziwiri. Dzanja lamanzere limakanikiza nsambo pakhosi pake, lamanja n'kumazikanda ndi kachibenthu ka nyanga ya ng'ombe. Basílio adayamba kuiliza akadali mwana, moti ku Lifidzi ukwati wopanda iye unkakhala ngati ndiwo zopanda mchere.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Miyezi isanu m'mbuyomo, akugwira ntchito pachigayo cha mzungu wina, lamba adakoka mkono wa malaya ake. Pamene amazimitsa injini n'kuti zala zitatu za dzanja lamanzere zitapita. Kudatsala chala chachikulu ndi chamkombaphala basi. Patarau, mzungu mwini chigayo uja, adamuponyera kazaku wakale, chijekete cha manja aatali ndi matumba akuya, n'kumuuza kuti avale akagwe uko.

Bala litapola, ndiye adayesa kuimba paukwati uja ndi chala chimodzi. Nyimbo idatuluka yotsimphina, yosadziwika mutu wake. Mkulu wina atakhuta masese adakuwa kuti, “A Basílio, zala mwaiwala kunyumba kodi?” Anthu adaseka. Pamenepo ndi pomwe mtondo udalandira bandolimu.

Basílio adalowetsa dzanja lija m'thumba la kazaku, ndipo kuyambira tsiku limenelo silidaonekenso pagulu.

Tsono munthuyu adali mkamwini. Ankakhala kwawo kwa mkazi wake Luciana, ndipo mwana wawo Rufina adali asanayambe n'kukwawa komwe. Mukudziwa nokha kuti pachikamwini mwamuna amalemekezeka ndi nkhokwe. Kale khasu likaperewera bandolimu inkakwaniritsa, pakuti kumaukwati ankachokako ndi mwendo wa mbuzi, nkhuku, nthawi zina nsalu. Tsopano zonse ziwiri zidamukana.

A Salvador, atsibweni ake a Luciana, eni mbumba, adamuitanira pansi pa mtengo wa pichesi.

“Akamwini, sitikudani ayi,” adatero. “Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tikupatsani dzinja limodzi. Nkhokwe ikapanda kudzadza, mudzaona msana wa njira.”

Basílio adacheukira mkazi wake. Luciana adali chapatali atawerama, misozi ikugwera paliwombo pa mwana.

Wina akadaiwala za nyimbo n'kulimbana ndi khasu lokha. Basílio adalimbana nalodi, mpaka kumangirira mpini kudzanja ndi luzi. Koma ankadziwa mumtima kuti khasu logwira ndi zala ziwiri silingadzadze nkhokwe. Chinthu chomwe chikadamusunga pabanja pake n'chomwe adachiphwanya yekha ndi mkwiyo, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa bala.

Ndiye adaganiza nzeru. Adati, bwanji nditapeza bandolimu yakhosi lochepa kwambiri, kuti chala chimodzi chizifika paliponse msanga? Kufupi ndi mishoni ya Fonte Boa kudali mmisiri wina wokalamba, a Tarsisio, amene ankakhoma mabenchi a tchalitchi ndi mabokosi a maliro, ndipo mtima ukawakomera ankapanganso mabandolimu. Basílio adalawirira wapansi.

Adawapeza akupala thabwa pakhonde, lapisi wolembera ali kukhutu. Adawapatsa moni ndi dzanja limodzi ngati mzungu, lina lili m'thumba. A Tarsisio adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mumtima n'kuti koma ana amakono mwano.

“Amisiri, ndikufuna mundipangire bandolimu yangayanga. Khosi lake likhale lochepa.”

“Thabwa muli nalo?”

“Ndikadula mbawa kumtsinje.”

A Tarsisio adaseka ndi mphuno. “Mtengo wodula dzulo umang'aluka chilimwe chikafika. Ine ndimafuna thabwa lomwe lakhala pamthunzi zaka makumi awiri. Mukalipeza mubwere.” Adatero n'kubwerera ku ntchito yawo.

Thabwa lotero mmphawi angalitenge kuti? Basílio adayenda njira yonse akulingalira, ndipo atatsala pang'ono kufika adaima chilili. Kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri, kudali nyumba ya malemu mayi ake, yomwe idatsala yokha chimwalirire iwo. Chitseko chake chidali cha mbawa, chosema bambo ake iye asanabadwe. Padziko lonse chuma chake cha makolo chidali chomwecho.

M'mawa mwake adakachizula. Anthu a m'mudzimo adatuluka m'nyumba kudzaonerera, ena atagwira pakamwa.

“Abale inu, mwana uyu lamba adamudula zala kapena mutu?” adatero mayi wina. “Kuvula nyumba ya mayi ake!”

Iye adasenza chitseko pamutu, ulendo wa ku Fonte Boa. Atafika adachitsamiritsa msanga kukhoma amisiri asanatuluke, dzanja n'kubwerera m'thumba.

A Tarsisio adachigogoda ndi nkhonya pakati, adagogodanso m'mphepete, khutu ali nalo pathabwa. Nkhope yawo idamasuka. “Ili lokha ndi thabwa,” adatero. Malipiro adapangana nyemba, ndipo nyembazo adadzazisenza ndi Luciana yemwe kuchokera kudimba kwake, atsibweni osadziwa.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse idakhotera pomwepa. A Tarsisio adali ndi kachitidwe kawo komwe sankakasintha. Asanadule thabwa, ankayala pepala la thumba la simenti n'kujambulapo dzanja la mwini choimbira, lomwe lidzakanikize nsambo.

“Khosi ndimasema motsata dzanja, osati motsata pakamwa pa munthu,” adatero. “Ikani apa dzanja lokanikizira nsambo.”

Basílio thukuta lidamutuluka ngakhale kunkazizira. Atulutse chiyani? Zala ziwiri zija, kuti nkhalambayi nayonso iseke? Mumtima adati, manja ndi ofanana, akungofuna kukula kwake. Adaika dzanja lamanja.

A Tarsisio adakweza nsidze. “Ili?”

“Lomweli, amisiri.”

“Chabwino.” Lapisi adazungulira zala zisanu. “Mubwere mvula ikagwa.”

Miyezi itatu idakhala ngati zaka. Mvula yoyamba itagwa, Basílio adathamanga m'matope mpaka ku Fonte Boa. A Tarsisio adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'nsalu. Atavundukula, Basílio adasendera pafupi. Chitseko chakuda ndi utsi chija chidasanduka chofiirira, chosalala, chonyezimira, nsambo zatsopano zochokera ku Dedza zili ndandanda. Chimwemwe chidamuiwalitsa manyazi. Adatulutsa manja onse awiri n'kuilandira, khosi lake kumanzere monga mwa masiku onse.

Adakanda kamodzi. Adakandanso. Nkhope idagwa.

Nsambo zikuluzikulu, zomwe zimakhala pamwamba, zidali pansi. Zing'onozing'ono zidali pamwamba. Kachikopa kotchinjiriza thabwa kuti nyanga isalikande kadali mbali inayo. Msana wa khosi unkakana kukhala m'chikhatho mwake. Chilichonse chidali chozondoka!

“Mayo ine! Amisiri, mwachita chiyani?” adakuwa. “Mwandiphera chitseko cha amayi!”

A Tarsisio sadali kuyang'ana bandolimu n'komwe. Maso awo adali tong'o padzanja lamanzere la Basílio, lomwe amaliona koyamba. Lapisi adagwa kukhutu, iwo osamutola.

“Mariya Woyera,” adanong'ona. “Mwana wanga, dzanja ili lidatani?”

Basílio adafuna kulibweza m'thumba, koma madzi akatayika saoleka. Adafotokoza zonse: za lamba, za paukwati, za mawu a eni mbumba.

Nkhalamba ija idalowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala la simenti lija. Idaliyala pansi. “Dzanja ili n'layani? Ndidafunsa lokanikizira nsambo, inu n'kundipatsa lamanja. Ndidati munthuyu ngwamanzere, ndipo amanzere kwathu kuno adamenyedwa mokwana ali ana, ine ndisamuonjezere mafunso. Ndidapangira dzanja lomwe mudandipatsa.”

“Ingosinthani nsambo, chonde.”

“Sizitheka. Timitanda ta m'mimba mwake ndidatiyala motsata nsambo zikuluzikulu. Khosi ndidasema motsata chikhatho chamanja. Ndikati nditsegule, thabwa lakale limeneli lisweka, ndipo chitseko china mulibe.”

Basílio adakhala pansi pamatope pomwepo, bambo wamkulu, n'kuyamba kulira. Chitseko chapita, nyemba za mkazi wake zapita, banja likupita, ndipo wolakwa sadali wina koma manyazi ake omwe.

A Tarsisio adamusiya alire. Iwo adali chiimire, akuyang'ana dzanja lija, kenako bandolimu, kenako dzanja lija. Mwadzidzidzi adadziguguda pachifuwa.

“Taimani! Tadzukani!”

Adamulanda bandolimu n'kuitembenuza, khosi kuloza kumanja. Adamugwiritsa khosilo ndi dzanja lamanja, ndipo lidakhala m'chikhatho ngati lidamera momwemo. Kenako adatenga kachibenthu ka nyanga n'kukapanikiza pakati pa zala ziwiri zotsala zija.

“Kanyanga aka kamagwiridwa ndi zala zingati?”

Basílio adayang'ana. “Ziwiri.”

“Nanga inu muli nazo zingati? Ndikuuzeni zoona, mukadandionetsa dzanja ili tsiku lija ndikadakubwezani ndi chitseko chanu. Khosi lingachepe bwanji, chala chimodzi sichingaimbe nyimbo. Ine sindidaganize zimenezi, inunso simudaganize. Koma taonani apa, zala zisanu zokanikizira zilipo, ziwiri zokandira zilipo. Chikusowa n'chiyani?”

Onse awiri adayang'anizana kakasi. M'dera lonselo padalibe yemwe adaonapo munthu akuimba chotero.

“Koma amisiri, dzanja lamanjali ndi mbuli. Silidakanikizepo nsambo chibadwire.”

“Mbuli imaphunzira,” adatero a Tarsisio. “Chala choduka sichiphuka. Nyamulani muzipita.”

Musaganize kuti adafika kunyumba n'kuyamba kuimba. Ha, zikadatero bwenzi nkhaniyi ilibe phindu. Mutu unkaidziwa nyimbo, koma zala zinkapita kwina. Akafuna kukwera zinkatsika. Kanyanga kankapulumuka n'kugwera m'fumbi kakhumikakhumi, mpaka adakatema timizere ndi mpeni kuti kazigwirika. Nsonga za zala zidatupa matuza, matuza adaphulika, nsambo zidachita magazi. M'mawa ankapita kumunda ndi khasu lake lomangirira, masana akaweruka n'kukhala kuseri kwa nkhokwe kulimbana ndi nyimbo imodzi yomweyomweyo.

A Salvador akamadutsa ankapukusa mutu. “Zala zidapita, nzerunso zatsatira. Taonani wagwira chozondoka.”

Kukolola kudafika, ndipo nkhokwe idalekera m'chiuno. Tsiku lina pochokera kudimba, Basílio adapeza khasu, nkhwangwa, mphasa ndi bandolimu zili pakhomo. Adaima osakhulupirira. Ankayesa kuti mwina adzamumvera chisoni poona khama lake, koma ayi.

Luciana adamuperekeza mpaka kumtsinje, Rufina ali kumbuyo. “Abambo ake a Rufina, akusudzulani ndi atsibweni, ine ayi,” adatero. “Akufuna andipereke kwa wamalonda wina wa ku Kalomwe. Ndawauza kuti mwana asiye kaye bere. Ndimuyamwitsa mpaka adzachite manyazi yekha, koma inu fulumirani.”

Adabwerera kumudzi kwawo, m'nyumba ija adaivula yekha. Inu mukuidziwa mphepo ya mwezi wa Juni kumapiri kuno, yolowa mpaka m'mafupa. Pakhomo adatsekapo ndi mtolo wa mapesi. Mbuzi za eni zinkabwera kudzadya chitseko chakecho, anthu n'kumaseka.

Koma nsambo sizidaleke kulira m'nyumbamo. Zala zikauma ndi chisanu ankaziwotha pamoto n'kuyambiranso. Khungu la kunsonga lidalimba ngati chidendene. Mwezi wachisanu ndi chitatu chiyambireni, nyimbo ija idatuluka yonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira, osapunthwa. Iye mwini adadzidzimuka n'kusuzumira panja, kuyesa kuti waimba ndi wina.

Yachiwiri idatenga mwezi. Yachitatu sabata ziwiri. Kenako zidayamba kubwera zokha, ndipo zidabwera ndi kakomedwe kena, pakuti dzanja lamanja lidali lamphamvu kuposa lija lidapita, ndipo chitseko cha mayi ake chidali ndi mawu akuya omwe bandolimu yakale idalibe.

Chaka chotsatira adayamba kupita ku Kalomwe masiku a msika. Nkhondo yomenyera ufulu idali itayamba kununkha, asilikali ali mbwee m'misewu, anthu mitima ili m'mwamba. Iye ankakhala pamwala pafupi ndi malire, mkono wa kazaku utaphimba dzanja lija, n'kuyamba kuliza. Onyamula katundu ankaimika njinga. Amayi ogulitsa mbatata ya kachewere ankasiya malonda. Mbiri idawanda mbali zonse ziwiri za malire kuti kwabwera wamanzere wina woimba chozondoka, ndipo maukwati adayamba kumulimbirana. Dzina lake lenileni ochepa ankalidziwa.

Tsono tamverani izi. Mng'ono wake wa Luciana adapeza banja, ndipo akuchimuna, pofuna kudzionetsa, adalonjeza kuti abwera ndi Wamanzere wa ku Kalomwe. A Salvador adakondwa, n'kumauza aliyense kuti chaka chino mudzi wawo uona zachilendo. Wamalonda uja nayenso adaitanidwa, pakuti Rufina adali atasiya bere ndipo Luciana zifukwa zidamuthera.

Dzuwa lili paliwombo, bwalo litadzadza, woimba adatulukira kunjira. A Salvador adanyamuka kukamulonjera, manja ali patsogolo. Atayandikira adaima ngati aponda minga.

“Akamwini?”

“Ndine, bambo.”

Bwalo lidali lomwe lija adamusekera, ndipo mtondo womwe uja udali pomwepo pambali pa nkhokwe. Basílio adaugubuduza n'kukhalapo. Kenako adachita chinthu chomwe sadachitepo zaka ziwiri. Adavula kazaku, adamupinda, n'kumuika pansi. Dzanja la zala ziwiri lidakhala poyera, dzuwa likuliwomba.

Wina adayamba kuseka, koma kuseka kudamuthera pakhosi. Nyimbo idatuluka ngati madzi a pamathithi, yoyera, yothamanga, yosapunthwa paliponse. Idali nyimbo yomwe ija idamukanika tsiku loyamba. Mkulu wa masese uja adaliponso, ndipo chipanda chidamugwa m'manja. Amayi adaiwala nthungululu kwa kanthawi, kenako zidaphulika zonse pamodzi, fumbi koboo. A Salvador adangokhala pansi pomwe adaimapo, kukamwa kuli pululu.

Nyimbo itatha, Luciana adadutsa pakati pa bwalo, Rufina akumugwira chitenje. Adamasula mpango kumutu n'kupukuta thukuta pankhope ya mwamuna wake. Kenako adagwira dzanja lopuwala lija ndi manja ake awiri n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense alione.

“Atsibweni,” adatero, “alendo anu a ku Kalomwe adye, amwe, abwerere bwino. Mwamuna wanga ndi uyu.”

A Salvador adayang'ana anthu, anthu adayang'ana iwo. Pomaliza adapukusa mutu n'kuseka mwamanyazi. “Akamwini, ndidalankhula msanga. Bwererani pakhomo panu.”

Basílio adagwada mwaulemu. “Zikomo, bambo. Koma ngati mungalole, ndikupempha chitengwa. Nyumba ya amayi yakhala yokha nthawi yaitali.”

Adalola. Akadakana bwanji pamaso pa bwalo lonse?

Patatha sabata, Luciana adafika kumudzi kwa mwamuna wake, mtolo uli pamutu, mwana ali kutsogolo. Adaima pakhomo n'kuona mapesi odyedwa ndi mbuzi aja. Adali asanadziwe kuti mwamuna wake wagona miyezi yonseyi m'nyumba yapululu, m'chisanu chonse chija. Adatula mtolo, adakhala pakhonde, n'kulira kwa nthawi yaitali.

Chitseko chatsopano adadzakhoma ndi a Tarsisio omwewo. Pochikhomera adauza Luciana kuti, “Ichi mundisungire, mayi. Amuna anuwa akapsanso mtima, chisadzabwere kwanga pamutu.” Ufulu utafika m'chaka cha 1975, Basílio adaimba pabwalo la kwawo malaya atapinda mpaka m'zigongono, ndipo kazaku uja n'kuti ali pakhola, akutchinga nkhuku kumphepo.

Tsono inu amene mwagwira tsaya, sindikuti muzikanamiza amisiri, ayi. Bodza lija likadamudyera chitseko chabe akadapanda kukhala pansi miyezi isanu ndi itatu, zala zikuchucha magazi, anthu akumuseka. Chomwe ndikunena n'chakuti Basílio adataya nthawi yaitali akulira zala zitatu zomwe zidapita, osawerenga zisanu ndi ziwiri zomwe zidatsala. Mwina nanunso chomwe mwalandira chabwera chozondoka, sichomwe mudapempha. Musathamangire kuchimenyetsa pamtondo. Chitembenuzeni kaye, mutulutse dzanja lomwe mukubisa m'thumbalo, muyambirenso ngati mbuli. Osataya mtima, abale anga.